Anatunga madzi pamjigo, anatola miyala, n'kupita: kodi akatswiri a miyala amagwira ntchito yanji?

Mayi wina wa kufupi ndi Ngabu, yemwe ndi msungichuma wa komiti ya mjigo m'mudzi mwawo, wafunsa motere: "Mjigo wathu umatulutsa madzi amchere, oti ngakhale sopo sachita thovu. Chaka china kunabwera aphunzitsi a ku yunivesite ndi ophunzira awo. Anatunga madziwo m'timabotolo, anatola miyala kukhwawa, n'kupita. Mpaka lero kuli zii. Ena akuti ankafuna miyala yamtengo wapatali, za madzizo kunali kutiphimba m'maso. Tsono mwana wanga wamkazi ali Folomu 3 ndipo akuti akufuna maphunziro omwewa. Kodi ntchito yawo yeniyeni ndi yotani? Ndimulole?"

Zikomo mayi. Ine ndimaphunzitsa za miyala ndi nthaka, ndipo kafukufuku wanga wambiri ndi wa madzi apansi, choncho zimene munaonazo ndi ntchito yathu ya masiku onse.

Mukakumbukira bwino, anthuwo sanangofika n'kutunga. Anayamba apopa kaye mjigowo kwa kanthawi, madzi n'kumangotayika, mwinanso amayi ena anang'ung'udza kuti akuwononga. Amatero pofuna kuti madzi amene agona m'mapaipi atuluke, abwere ochokera pansi penipeni. Kenako wina anaviika kachipangizo kachingwe m'kapu ya madziwo n'kuwerenga manambala. Kachipangizo kameneka kamayeza mmene magetsi akudutsira m'madzi. M'madzi a mvula magetsi amadutsa movutikira, koma mchere ukachuluka amadutsa mosavuta, ndiye nambala ikakwera timadziwiratu pomwepo kuti apa pali mchere. Botolo timalitsuka katatu ndi madzi omwewo, madziwo timawasefa, ndipo m'botolo lina timadonthezamo asidi pang'ono kuti chitsulo chosungunuka chisadikhe tisanafike ku labotale. Pabotolo pamalembedwa nambala, tsiku, ndi malo amene GPS yasonyeza, zonse n'kulowa m'bokosi lozizira. Ngati anali ophunzitsidwa bwino, anakufunsaninso kuti mjigowu unakumbidwa liti, ndi wakuya mamita angati, ndiponso ngati mcherewo umachepako nthawi ya dzinja. Mayankho a komiti ngati yanu timawadalira kwambiri, chifukwa mapepala amene okumba mijigo amayenera kusiya nthawi zambiri sapezeka.

Mjigo umodzi pawokha sutiuza zambiri. Timafuna mijigo yambirimbiri, kuyambira m'tsinde mwa mapiri a Thyolo kutsidya la kum'mawa kwa Shire mpaka cha ku Lengwe kumadzulo, n'kuika manambala onse pamapu amodzi. Pamenepo m'pamene zimaoneka kuti mcherewu sunangomwazikana mwachisawawa. Uli ndi malo ake, ndipo malowo akugwirizana ndi mmene chigwa cha Shire chinapangikira.

Chigwa chathuchi sichinakumbidwe ndi Shire ayi. Shire anachita kuchipeza. Ndi mbali ya mng'alu waukulu wa kum'mawa kwa Africa, womwewo umene muli nyanja ya Malawi, pomwe nthaka ikukokeka pang'onopang'ono, moti kusunthako pachaka timakuyeza m'mamilimita. Mbali ina inamira, ina inatsala pamwamba. Mukamatsika kuchokera ku Blantyre pamsewu wokhotakhota uja wofikira pa Thabwa ndi mlatho wa Kamuzu, mumakhala mukutsika khoma limene linatsala pamwambalo. Pomwe Shire amatulukira m'dziko muno kumunsi kwa Nsanje ndi mamita 37 okha pamwamba pa nyanja yamchere, malo otsikitsitsa m'Malawi monse. M'dzenje limeneli mitsinje ya Mwanza, Mkombedzi, Thangadzi, Ruo ndi Shire yemwe yakhala ikuthiramo mchenga, matope ndi nsangalabwi kwa zaka zosawerengeka. Mijigo yathu yambiri imakumbidwa m'zothiridwazi, osati m'thanthwe.

Tsono kuno mvula ndi yochepa, mamilimita 800 kapena kucheperapo pachaka m'malo ambiri, pomwe mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40. Madzi ali onse amene ayenda m'nthaka amakhala atatengako timichere pang'ono. Mukasiya mphika wa ndiwo pamoto mpaka msuzi kuphwera, mchere umene munathira uli wabwinobwino uja umayamba kuwawa, chonsecho simunawonjezere. N'zimene dzuwa limachita ndi madzi amene ali pafupi ndi pamwamba pa nthaka ya m'chigwa. Makolo a kuno ankawadziwa malo oterewa, ankapala dothi loyera la pamwamba, kulisungunula, kusefa, n'kuphika mchere. Kuwonjezera apo, chigwachi n'chathyathyathya ndipo chili ndi dongo lambiri, ndiye madzi apansi sathamanga. Amakhala pamalo amodzi nthawi yaitali, akusungunula mchere umene unasonkhana kalekale. Palinso madzi ena amchere ochokera m'miyala yakale ya pansi kwambiri, amene amakwera kudzera m'ming'alu monga wa Mwanza. Zambiri mwa izi zinafotokozedwa bwino m'kafukufuku amene anatsogolera Maurice Monjerezi wa ku Chancellor College, yemwe anasindikizidwa m'zaka za 2011 ndi 2012, ndipo pambuyo pake a ku yunivesite ya Strathclyde ya ku Scotland anagwiranso ntchito yaikulu pa mijigo ya ku Chikwawa.

N'chifukwa chake ndikamva munthu akunena pamsonkhano kuti "tingokumba mozama kwambiri, tipeza madzi abwino," ndimakana. Kuno kutsika kwambiri kumatha kukufikitsani pa madzi owawa kuposa oyambawo, ndalama zitapita. Madzi abwino kawirikawiri amapezeka m'tsinde mwa mapiri, pomwe madzi a mvula amalowera kumene m'nthaka, m'mbali mwa mitsinje, ndi m'makwalala amchenga momwe mtsinje unkadutsa kale usanasinthe njira. Makwalala amenewa ndi opapatiza ndiponso okhotakhota, moti mudzi wina umamwa madzi okoma pomwe woyandikana nawo ukulavula. Pofufuza timakhoma zitsulo zinayi m'nthaka pamzere, kulowetsa magetsi pa ziwiri zakunja n'kuyeza pa ziwiri zapakati, kenako kutalikitsa zitsulozo kuti magetsi atsike pansi kwambiri. Vuto lake n'lakuti dongo lonyowa limalola magetsi kudutsa mofanana ndi madzi amchere. Makinawo sasiyanitsa. Amafuna munthu amene wayendapo, waona zigumukire za m'mbali mwa khwawa, wafunsa akuluakulu kumene mtsinje unkadutsa iwo ali ana. Munthu wotereyu akasowa, galimoto yokumba imangoima pamene pali njira yabwino kapena pafupi ndi nyumba ya munthu wamphamvu, ndipo mijigo yambiri yosiyidwa imene mumaiona m'chigwa muno inabadwa motero.

Chilipo china chimene lilime silimva. M'madera ena a Nsanje ndi Chikwawa madzi apansi ali ndi mchere wina wotchedwa fluoride wambiri, ndipo chizindikiro chake ndi mano a ana amene amachita mawanga ofiirira ngakhale akutsuka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati asapitirire mamiligalamu 1.5 pa lita, koma muyezo wa dziko lino wa madzi a m'mijigo unaikidwa pa 6. Kwa ine muyezo umenewu ndi wolekerera kwambiri, ndipo timabotolo ngati tanu tija ndi timene timapereka umboni wokakamiza kuti utsike.

Tsono n'chifukwa chiyani kuli zii? Apa dandaulo lanu ndi loona, ndipo sindiikira kumbuyo a ntchito yanga. Zoyeza zina zimachitika konkuno, koma zina, monga kudziwa msinkhu wa mwala kapena kumene madzi anachokera, zimafuna makina amene timawapeza ku South Africa kapena ku Ulaya. Pamafunika chilolezo chotulutsira kunja, ndalama zakunja, ndi kudikira pamzere. Zotsatira zikabwera, mphunzitsi amalemba pepala la kafukufuku m'Chingerezi, n'kulitumiza kwa osindikiza. Iwo amalipereka kwa akatswiri ena awiri kapena atatu kuti alifufuze zolakwika, limabwerera, limakonzedwa, nthawi zina limakanidwa n'kuyambanso kwina. Chaka chimatha mosavuta. Ndondomeko imeneyi ndi yabwino chifukwa imaletsa munthu kungonena za m'mutu mwake. Choipa chake n'chakuti mphunzitsi wa pa yunivesite amakwezedwa pantchito powerenga mapepala amene wasindikiza. Ulendo wobwerera ku Ngabu kukakhala pansi pa mtengo ndi komiti ya mjigo suwerengedwa paliponse, ndipo pofika nthawiyo ndalama za mafuta zimakhala zitatha kale. Zotsatira za mjigo wanu mwina zili pamzere wina wa pepala limene munthu wa ku London angaliwerenge mosavuta kuposa inu.

Musangokhala. Pitani ku ofesi ya zamadzi ya boma la Chikwawa, kapena muyambire kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, munene dzina la mudzi ndi chaka chimene anabwera. Ofufuza amayenera kudziwitsa a kwa DC asanalowe m'midzi, ndiye pamakhala poyambira kuwalondola. Ena akadzabweranso, a nyakwawa awapemphe kalata yawo, mulembe m'buku la komiti dzina la sukulu yawo ndi nambala ya foni, ndipo nambala ya mchere imene kachipangizo kaja kasonyeza akuuzeni pomwepo, chifukwa imeneyo sidikira labotale. Mukadzakumbitsa mjigo wina, muumirire kuti madzi ayezedwe asanamange konkire, ndiponso kuti okumba asiye pepala losonyeza dothi limene anakumana nalo pa mita iliyonse.

Za miyala ija, anthu a kwanu sakulota ayi. Ku Ngabu kulidi mwala wobiriwira mopita kumtambo, wa agate, umene amalonda a miyala ya kunja amaudziwa ndi dzina la Ngabu lomwelo. Zaka pafupifupi 180 miliyoni zapitazo kunatuluka chiphalaphala chambiri kum'mwera kwa Africa kuno, chinayenderera n'kuuma kukhala mwala wakuda wolemera umene timautcha basalt. M'kati mwake munatsala timphako ta mpweya, ndipo madzi otentha odutsamo anasiya agate m'timphakoto pang'onopang'ono. Mwala wamtunduwu ukafumbutuka umabala dothi lakuda lomata, lokhala ngati makande amene mumalimamo thonje. Pansi pa basalt pali miyala yamchenga yakale kuposa apo, yonga imene imaoneka ku Mwabvi, ndipo m'menemo ndi momwe muli malasha a ku Lengwe ndi Mwabvi. Kwa Tengani kuli mchenga wolemera wokhala ndi rutile ndi ilmenite, timiyala timene mumachokera chitsulo cha titanium. Zonsezi si zachinsinsi, zinalembedwa kalekale m'mabuku a nthambi ya boma yofufuza za miyala ku Zomba, imene inayamba mu 1921 ndi Frank Dixey. Ndege za Kauniuni zija zinkauluka motsika m'zaka za 2013 ndi 2014 zinkawonjezera pa ntchito yomweyo. Koma kudziwa kuti mwala ulipo n'kwina, kukhala ndi mgodi wopindulitsa n'kwinanso. Pakati pake pali zaka zambiri zoboola ndi kuwerengera, ndipo malo ambiri amathera pomwepo.

Wofufuza ndi wamalonda mutha kuwasiyanitsa poona zimene akutola. Wamalonda amasankha mwala wokongola ndipo amafunsa mtengo. Wofufuza amadutsa wokongolawo n'kukamenya ndi nyundo thanthwe losaoneka bwino, chifukwa akufuna mwala umene uli pamalo pake penipeni, osati wokokoloka ndi madzi. Amaswa kuti aone m'kati mosawauka, amayang'ana ndi kagalasi kolendewera m'khosi, amagoneka kampasi pathanthwe kuti ayeze kumene lapendekera, n'kulemba m'kabuku. Chidutswa chake ndi chokwana m'dzanja. Ku labotale timachicheka, kuchimata pagalasi, n'kuchinola mpaka chitsale mamilimita 0.03, chopyapyala moti kuwala kumadutsa. Pamaikulosikopu mwala wakuda uja umasanduka timiyala tamitundumitundu, ndipo pamenepo timadziwa mmene unapangikira. Pamsika chidutswa chimenecho sangakupatseni ngakhale ya mchere. Komabe kukayikira kwa anthu sitikuchepetsa. Mu 2017, mphekesera za anamapopa zitavuta m'maboma a kum'mwera, munthu wachilendo wonyamula mabotolo ndi zingwe anali pangozi yeniyeni. Wophunzira aliyense timamuuza kuti tsiku loyamba ndi la kwa mfumu, nyundo ikhale m'chikwama, ndipo afunse kumene kuli manda ndi malo ena olemekezeka. Palibe wanzeru amene angakamenye mwala ku Khulubvi, kumene kuli kachisi wa Mbona.

Anzanga ena safufuza madzi koma ming'alu yeniyeniyo. Ambiri timakumbukira chivomezi cha ku Salima cha 1989 ndi cha ku Karonga cha mu Disembala 2009, koma a ku Nsanje ali ndi chawo cha mu Malichi 2018. M'zaka zapitazi akatswiri a ku mayunivesite a Bristol ndi Cardiff ku Britain pamodzi ndi anzawo a m'dziko muno anayenda m'tsinde mwa mapiri a Thyolo kuyeza kamtsetse kamene mng'alu wa kumeneko unasiya podula dothi losakhalitsa, umene ndi umboni woti mng'aluwo sunafe. Tsiku la chivomezi palibe angalinene, ndipo wokuuzani tsiku ndi wabodza. Chimene kafukufuku amathandiza n'kudziwa kuti sukulu, chipatala kapena ngalande ya pamalo akutiakuti imangidwe molimba bwanji.

Nawo madzi osefukira ali m'ntchito yathu. Mu Januwale 2015 Ruo anasiya njira yake n'kudzera kwina, anthu a ku Makhanga akudziwa bwino zimene zinatsatira. Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana anaswa damu la Kapichira dziko n'kulowa mumdima, ndipo mu Malichi 2023 kunabwera Freddy. Akuluakulu anati madzi saiwala khwawa, ndipo pazithunzi za setilaiti zimenezi zimaoneka ndi maso: njira zakale za mitsinje zimaoneka ngati timizere tokhotakhota m'minda, ndipo madzi akachuluka amabwerera momwemo. Apa pali chinthu chimene ndimafuna mfumu iliyonse ya m'chigwa itachimva. Khwalala lamchenga lija ndati lili ndi madzi okoma ndi lomwelo limene mtsinje umabwereramo. Ndi malo abwino a mjigo, koma oipa pomangapo nyumba. Ndipo anthu akasamutsidwira kumtunda popanda woyamba wayeza madzi a kumeneko, amakapeza mchere, n'kubwerera kudimba, kenako n'kumanenedwa kuti ndi osamva. Ngalande yaikulu yothirira yochokera ku Kapichira nayonso ifunika maso omwewa, chifukwa kuthirira dothi lamchere popanda ngalande zotayira madzi kumakweza mcherewo kufika pamizu ya mbewu.

Musaganize kuti chaka chonse timakhala kutchire. Nthawi yambiri ya mphunzitsi wa pa yunivesite imathera m'kalasi, kuchonga mayeso, kuwerenga zolemba za ophunzira a chaka chomaliza, ndi m'misonkhano. Kutchire timapita nthawi yachilimwe, udzu utapsa ndipo mitsinje itaphwa, chifukwa m'pamene matanthwe amaonekera. Kuno kuchigwa timayesetsa kumaliza Okutobala asanafike, ndipo tikachedwa ntchito imayamba m'bandakucha, pofika 11 koloko aliyense ali pansi pa mlambe. Gawo lina lalikulu la ntchito, limene palibe amalitchula pokopa ana, ndi kulemba makalata opempha ndalama za kafukufuku. Zambiri zimachokera kunja, ndipo wopereka ndalama amakhala ndi mafunso akeake, moti funso lofunika kwa anthu a kwa Ngabu limatha kudikira zaka chifukwa silinasangalatse aliyense wa ndalama. Malipiro ndi oti munthu amadya n'kuphunzitsa ana, si olemeretsa. Ambiri timagwirako maganyu oyezera malo a mijigo, misewu ndi milatho.

Mwana wanuyo muloleni. Walira mvula walira matope, ndiye adziwiretu kuti adzayenda pansi mitunda italiitali ndi chikwama cha miyala kumsana, koma mwana wokulira m'chigwa amene amatunga madzi pamutu dzuwa likuswa mtengo sangalephere zimenezo. Atsikana alipo m'makalasi athu ndipo amachita bwino. Chimene chimagwetsa ambiri si dzuwa, ndi masamu. Pa MSCE alimbikire masamu, fizikisi ndi kemisitili, chifukwa jogalafe yekha samufikitsa. Maphunziro a za miyala ndi nthaka aliko ku University of Malawi ku Zomba ndi ku MUST ku Ndata m'boma la Thyolo, imene inatsegulidwa mu 2014, pomwe MUBAS ku Blantyre ili ndi maphunziro a zamigodi. Digiri yoyamba ya sayansi ndi zaka zinayi. Kuti adzakhale mphunzitsi wa pa yunivesite afunika yachiwiri ndi yachitatu, ndipo zimenezi ambiri amakachitira kunja ndi thandizo lochita kupikisana.

Ntchito sizingotoleka, musamunamize. Zilipo ku nthambi ya miyala ku Zomba, ku unduna wa zamadzi, ku makampani okumba mijigo ndi omanga misewu, ku mabungwe, ndi ku makampani ofufuza migodi monga amene ali ku Kangankunde, Songwe ndi Kasiya. Za migodizi zimalipira bwino zikamayenda, koma zimatsata mitengo ya kunja. Mgodi wa Kayelekera ku Karonga unatsegulidwa mu 2009, pofika 2014 unaimitsidwa mtengo wa uranium utagwa, ndipo anthu ambiri anabwerera kumudzi. Atandifunsa ine, ndingamuuze kuti akafika chaka chachitatu asankhe maphunziro a madzi apansi ndi ojambula mapu pakompyuta, ndipo tchuthi chilichonse azipempha kutsatira gulu lokumba mijigo ngakhale popanda malipiro. Pokonzekera fizi muikeponso ya nsapato zolimba, chipewa ndi kagalasi kaja, chifukwa zimenezi wophunzira amagula yekha.